Mmene Mungapinimbiritsire Mwana Popanda Kumumana Chakudya

Pali makomo ambiri m'Malawi muno amene m'nkhokwe muli chimanga, pamafuwa moto suzima, mwana amamwa phala m'mawa n'kudya nsima masana, koma akapita naye kusikelo mzere wa pakhadi sukwera. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Si onse mwa anawa amene amagona ndi njala. Ambiri chakudya chimalowa ndithu pakamwa, koma matumbo amalephera kuchilandira.

Kupinimbiritsa mwana kuli ndi ndondomeko yake, ndipo akatswiri a sayansi akhala akuilondola kwa zaka zambiri ku Gambia, ku Bangladesh, ku Zambia, ku Zimbabwe ndi kuno kwathu. Palibe kholo limene limafunira mwana wake zoipa, komabe ndondomekoyi timaitsata mothandizana: amayi, abambo, agogo, wagolosale, amfumu ndi a boma. Ndaiyala pano yonse mwatsatanetsatane kuti aliyense aone pamene pali dzanja lake.

Dziwani kaye malo amene mukuwononga

Matumbo a munthu wamkulu, mutawayala ndi makwinya ake onse, angatenge malo okwana masikweya mita pafupifupi 30. Mkati mwa matumbo aang'ono muli timinofu tosongoka tambirimbiri timene timayamwa chakudya n'kuchilowetsa m'magazi. Khoma la matumbo abwino lili ngati thaulo latsopano la ubweya wautali limene limamwa madzi mukangoligunditsa, pamene khoma lodwala lili ngati thaulo lakutha, losalala, limene madzi amangotsetserekapo.

Pakati pa zimene zili m'matumbo ndi magazi pali mzere umodzi wokha wa maselo. Kuseri kwa mzere umenewu ndiko kumakhala gulu lalikulu la asilikali a m'thupi, chifukwa apa ndi pamene thupi limakumana kwambiri ndi zinthu zochokera kunja. M'matumbo aakulu mumakhala mabakiteriya mathiriliyoni ambiri, ndipo ochuluka mwa iwo ndi othandiza. Amagaya zimene ife sitingathe kugaya, amatsekereza tizilombo toyambitsa matenda, komanso amaphunzitsa chitetezo cha m'thupi kusiyanitsa mdani ndi chakudya. Kafukufuku wa 2012 amene anayerekeza anthu a ku Malawi, a ku Venezuela ndi a ku America anasonyeza kuti gulu la mabakiteriyawa limakhwima m'zaka zitatu zoyamba za moyo. M'mera mpoyamba. Wofuna kuwononga achite pa nthawi imeneyi.

Choyamba: yambani tsiku lobadwa

Mkaka woyamba wachikasu uja ufinyireni pansi, munene kuti ndi woipa. Mumkakawu ndimo muli chitetezo chochuluka chotchedwa IgA, chimene chimamata khoma la matumbo a khanda kuti tizilombo tisapeze pogwira. Khanda silinayambe kupanga chitetezo chakechake chokwanira, choncho mukataya mkakawu mwalisiya pamtetete.

Kenako, mwana asanakwanitse miyezi 6, mumwetseni madzi chifukwa kunja kwatentha. Mumwetseni mankhwala azitsamba oti akhwime. Akalira usiku, agogo agamule kuti bere silikumukwanira, ayambe phala. Mumkaka wa m'mawere muli mitundu yoposa 100 ya shuga amene mwana sangathe kumugaya. Shuga ameneyu ndi chakudya cha mabakiteriya abwino otchedwa Bifidobacterium, amene akachuluka amachititsa kuti m'matumbo mukhale mowawasa, mosakomera tizilombo toipa. Kapu iliyonse ya madzi imachotsa malo a mkaka m'kamimba kakang'ono, ndipo imabwera ndi zonse zimene zinali m'chitsime, m'ndowa ndi m'manja mwa womwetsa. Mu 2010 ana 71 mwa 100 osakwana miyezi 6 ankayamwa bere lokha m'Malawi muno. Pofika 2015-16 chiwerengerocho chinali chitatsika kufika pa 61.

Chachiwiri: msiyeni akwawe pamene nkhuku zayenda

Ili ndilo gawo lamphamvu kwambiri pa ndondomeko yonse, ndipo silifuna ndalama. Nkhuku zigone m'nyumba momwemo. Mbuzi zizungulire pakhonde. Manyi a mwana muwataye kuseri kwa nyumba poti ndi a mwana, alibe vuto. Mwanayo mum'khazike pansi pabwalo, inu muzipeta.

Ofufuza ena ku Zimbabwe anakhala m'makomo akumudzi n'kumayang'anitsitsa makanda 23, aliyense kwa maola angapo, kuti aone zimene amaika pakamwa. Atatu anadya dothi lodzaza m'manja, awiri anadya zitosi za nkhuku. Anthu aakulu anali pomwepo, koma dzanja la mwana limafika pakamwa msanga kuposa diso la mayi wotanganidwa. M'zitosi za nkhuku mumapezeka kachilombo kotchedwa Campylobacter. Kafukufuku wa MAL-ED, amene anatsata ana m'maiko 8 kuphatikizapo Tanzania ndi South Africa, anapeza kuti ana ambiri amakhala ndi kachilomboka popanda kutsekula m'mimba, ndipo amene anali nako kawirikawiri ankatsalira pa msinkhu.

Chimene chimachitika mkati n'chachisoni chifukwa sichioneka. Tizilombo tikamalowa tsiku ndi tsiku, khoma la matumbo limatukusira osapola. Timinofu toyamwa chakudya tija timafupika. Mipata ya pakati pa maselo imatseguka, ndipo tizidutswa ta mabakiteriya timadutsa n'kulowa m'magazi. Asilikali a m'thupi amakhala pankhondo usana ndi usiku, ndipo nkhondoyo imadya mphamvu zimene zikanamanga mafupa ndi ubongo. Thupi lotukusira limachepetsanso kuyamwa ayironi, ndiye magazi amachepa. Madokotala amatcha vutoli environmental enteric dysfunction. Kuti alione, amamwetsa mwana madzi a shuga wa mitundu iwiri n'kuyeza mkodzo. Shuga amene sayenera kudutsa khoma la matumbo akapezeka wambiri mumkodzo, ndiye kuti khomalo likudontha. Ku Gambia, kafukufuku wa 1991 anapeza kuti kudontha kumeneku kunkafotokoza pafupifupi magawo 40 pa 100 a kutsalira kwa makanda pa kakulidwe. Ku Zimbabwe, kafukufuku wa 2014 anapeza kuti makanda opinimbira anali ndi zizindikiro zambiri za kutukusira m'magazi, komanso anali ndi IGF-1 wochepa, amene ndi homoni yolamula mafupa kukula. Ku Lusaka, gulu la ofufuza la Paul Kelly lakhala likuona ndi makina khoma losalala lomweli mwa anthu a ku Misisi.

Mwana wotere satentha thupi, salira modabwitsa, amasewera ndi anzake. Palibe amene amamutengera kuchipatala.

Chachitatu: akatsekula m'mimba, nenani kuti ndi mano

Mwana amayamba kumera mano pa nthawi yomweyo imene amayamba kukwawa ndi kutola zapansi. Inu mulozere mano. Liwombo likalowa mkati, funani mankhwala omata pamutu, musaganize zoti m'thupi mwatha madzi. Lekani kumuyamwitsa ndi kumudyetsa kuti m'mimba mupume.

Mukatero mwachita zinthu zitatu nthawi imodzi. Mwamuika pangozi ya imfa chifukwa chotha madzi, imene paketi ya Thanzi ORS ikanaipewa. Mwamana maselo a khoma la matumbo chakudya chimene amafuna kuti adzikonze, popeza maselowa amasinthidwa pa masiku ochepa okha ndipo sangamere popanda chakudya. Mwamumananso mapiritsi a zinki a masiku 10 mpaka 14, amene amafupikitsa matendawa ndi kuchepetsa kubwerera kwake m'miyezi yotsatira. Kutsekula kumodzi kukatha khoma lisanapole, kwina kumapeza njira yotseguka kale.

Chachinayi: gulani makapisozi pagolosale

Mwana akangotsokomola kapena kuchita chimbudzi chamadzi kamodzi, tumani mkulu wake akagule Bactrim kapena amoxicillin, awiri kapena atatu malinga ndi ndalama imene ilipo. Akaoneka bwino musiye, otsalawo musungire mlongo wake.

Kutsekula m'mimba kochuluka kwa makanda kumayamba ndi mavairasi, amene mankhwalawa sawakhudza n'komwe. Amene amafa ndi mabakiteriya abwino aja. Ku Denmark, ofufuza anapatsa amuna 12 athanzi maantibayotiki amphamvu kwa masiku 4 okha, ndipo patatha miyezi 6 mitundu ina ya mabakiteriya imene anali nayo poyamba inali isanabwerere. Amenewa anali anthu aakulu, a matumbo okhwima kale. Malo amene abwino achoka amatengedwa ndi tizilombo tosamva mankhwala. Pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, tizilombo ta Klebsiella topezeka m'magazi a odwala timene tinali tosamva mankhwala amphamvu a gulu la ceftriaxone tinakwera kuchoka pa 12 mwa 100 mu 2003 kufika pa 90 mwa 100 mu 2016.

Pali kulakwitsa kwinanso kotembenuza: kukana mankhwala amene achipatala alemba. Kafukufuku wa 2013 pa ana 2,767 onyentchera kwambiri kuno ku Malawi anapeza kuti mwa amene analandira chiponde chokha, 7.4 pa 100 anamwalira, pamene mwa amene analandira chiponde ndi amoxicillin anamwalira 4.8 pa 100. Mankhwala omwewo amapulumutsa mwana amene akufunikadi, ndipo amawononga amene sakufunika. Wosiyanitsa ndi amene wamuyeza mwanayo, osati wogulitsa.

Ngati muli ndi ndalama, onjezani mabotolo odula olembedwa kuti amatsuka m'mimba kapena amakweza chitetezo. Ngakhale mabakiteriya abwino oikidwa m'mapaketi, atayesedwa pa ana 795 onyentchera ku Blantyre mu kafukufuku amene anatuluka mu 2009, sanawonjezere chiwerengero cha ochira. Ndalama imene ikanagula mazira, usipa ndi sopo ipite kumeneko.

Chachisanu: phala likhale lamadzimadzi, la ufa woyera

Konolani chimanga, chivikeni, gaga mupatse nkhumba. Phikani phala loti lizitsika lokha pasupuni, muthire mchere kapena shuga, basi. Mawa chimodzimodzi. Ndiwo za nyemba, khobwe, chisoso ndi bonongwe zikhale za akuluakulu, mwana mum'patse msuzi wokha. Dzira mugulitse.

Mabakiteriya abwino amadya zimene zili m'gaga, m'nyemba, m'masamba ndi m'zipatso. Akazigaya amatulutsa butyrate, chakudya chenicheni cha maselo a matumbo aakulu, chimenenso chimaziziritsa kutukusira. Ufa woyera umawasiya ndi njala. Kusintha kwake sikuchedwa: mu kafukufuku wa 2015, anthu 20 akumudzi ku KwaZulu-Natal anasinthana zakudya ndi anthu akuda 20 a ku Pittsburgh ku America kwa milungu iwiri yokha. Amene anasiya zakudya zakumudzi n'kuyamba zamafuta ndi zosalala, matumbo awo anayamba kusonyeza kutukusira, pamene mwa anzawo aja kutukusirako kunachepa. Kuno kwathu, kafukufuku wa 2017 anapeza kuti makanda akumudzi amene ankathiriridwa ufa wa khobwe m'phala sankatsalira kwambiri pa msinkhu. Ku Dhaka ku Bangladesh, chakudya chopangidwa ndi tchana, soya, mtedza ndi nthochi zosapsa chinakonza mabakiteriya a m'matumbo a ana onyentchera n'kuwanenepetsa kuposa chakudya chozolowereka, ngakhale chinali ndi mphamvu zochepa. Zonsezi ndi mbewu za m'munda. Komabe mu 2015-16, ana 8 okha mwa 100 a miyezi 6 mpaka 23 m'Malawi ndi amene ankadya mokwanira ndi mwakasinthasintha monga zimafunikira.

Ngati mwaganiza zothira nsinjiro, sankhani mtedza wabwino mukagulitse, wofota ndi wachuku musinjire mwana. Pomenya mtedza uwazeni madzi kuti makoko afewe, ndipo chimanga muchiike m'matumba chisanaumitsitse. Chuku chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene sapsa ndi moto wa pamafuwa, amawononga chiwindi ndi kufooketsa chitetezo. Ku Benin ndi ku Togo, kafukufuku wa 2002 pa ana 480 anapeza kuti opinimbira ndi amene anali ndi poizoniyu wambiri m'magazi.

Chachisanu ndi chimodzi: dumphani katemera

Kusikelo n'kutali ndipo kumunda kuli ntchito, choncho lolani masiku a katemera a sabata ya 6 ndi ya 10 adutse. Dziko la Malawi linayamba kupereka katemera wa rotavirus mu Okutobala 2012, ndipo kafukufuku wotsatira anapeza kuti anachepetsa imfa za makanda zobwera ndi kutsekula m'mimba ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Poyesedwa, katemerayu anateteza pafupifupi 49 pa 100 ku Malawi, 77 pa 100 ku South Africa, ndi kuposa 90 pa 100 ku Ulaya. Katemera ndi yemweyo. Chimodzi mwa zimene ofufuza akuloza ndi matumbo otukusira amene salabadira bwino katemera wodontheza pakamwa. Choncho amene watsata magawo oyamba aja wafooketsa kale katemerayu, ndipo amene wamudumpha wachotsa ngakhale theka limene likanatsala.

Chachisanu ndi chiwiri: akatupa, funani wolakwa

Mapazi ndi masaya zikatupa, tsitsi likafiira n'kuyamba kuthothoka, itanani akuluakulu. Gamulani kuti ndi tsempho, bambo ake anayenda njira. Masabata athere pa milandu ndi kwa asing'anga.

Ofufuza a ku College of Medicine ku Blantyre ndi a ku Washington University ku St. Louis, kuphatikizapo Mark Manary ndi Jeffrey Gordon, anatsata mapasa 317 awiriawiri kumwera kwa Malawi mpaka zaka zitatu. Pa mapasa 43 mwa 100 aliwonse, mmodzi ananyentchera mnzake ali bwino, ngakhale anali a mimba imodzi, bere limodzi ndi mbale imodzi. Ofufuzawo anatenga mabakiteriya a m'chimbudzi cha mwana wotupikana n'kuwaika mu mbewa zoleredwa popanda kachilombo kalikonse. Mbewazo zitadyetsedwa chakudya chonga cha kumudzi kwathu zinaonda kwambiri, kusiyana ndi zimene zinalandira mabakiteriya a mnzake wathanzi uja. Zotsatirazi zinatuluka mu 2013. Matenda a mwana wotupikana ali m'matumbo ndi m'mbale, ndipo mankhwala ake ali kuchipatala, kwaulere. Tsiku lililonse lothera pa mlandu limachotsedwa pa masiku amene mwanayo watsala nawo.

Chachisanu ndi chitatu: nenani kuti ndi mtundu

Mwana akapulumuka koma n'kukhala wamfupi, tsekani nkhani ndi mawu akuti kwathu ndife afupiafupi, watengera agogo ake. Mawu amenewa amatonthoza, ndipo amaletsa funso lililonse.

Bungwe la WHO linatsata ana pafupifupi 8,500 ku Ghana, India, Oman, Brazil, Norway ndi America pakati pa 1997 ndi 2003. Linapeza kuti ana oyamwa bwino, okhala paukhondo ndi olandira chithandizo amakula mofanana m'zaka zisanu zoyamba, kaya ndi a khungu lotani. M'zaka za m'ma 1960, achinyamata a ku America a Peace Corps amene anakakhala ku Pakistan anayamba kusonyeza khoma la matumbo losalala lomwe lija, ndipo atabwerera kwawo linachira. Vutoli limatsata malo amene munthu akukhala. Agogo afupiwo nawonso anakwawa pabwalo lomwelo.

Chachisanu ndi chinayi: kwa atsogoleri, siyirani mayi yekha

Gawo ili ndi la amfumu, makhansala, aphungu ndi ogawa ndalama za boma. Itanani amayi pansi pa mtengo, muwaphunzitse magulu 6 a zakudya, muwaimbitse nyimbo, muwadzudzule chifukwa cha uve. Abambo, amene amasunga ndalama ndi kugamula za nkhuku ndi mtedza, musawaitane. Mjigo ukawonongeka ukhale chaka. Mlangizi wa zaumoyo mmodzi ayendere midzi yambirimbiri wapansi. Mudzi ukakumba zimbudzi ndi kuika mpondagiya, chitani mwambo, lengezani kuti ntchito yatha.

Kafukufuku wa SHINE ku Chirumanzu ndi ku Shurugwi ku Zimbabwe, amene analemba amayi oyembekezera oposa 5,000, anapereka kumakomo chimbudzi chabwino, posambira m'manja, sopo, kolorini ndi kabwalo kotchinga kosewereramo mwana. Zotsatira za 2019 zinasonyeza kuti zonsezi sizinachepetse kupinimbira. Chakudya chowonjezera cha ana ndi uphungu wa kadyetsedwe ndizo zinatsitsa chiwerengero kuchoka pa 35 kufika pa 27 mwa 100. Mtsogoleri wofuna kulakwitsa awerenge zimenezi n'kunena kuti ukhondo ulibe ntchito. Ofufuzawo ananena zosiyana: tizilombo tazinga mwana mbali zonse kotero kuti khomo limodzi silingadzitchinjirize lokha pamene mudzi wonse uli ndi ziweto zoyendayenda ndipo madzi akutungidwa kutali n'kusungidwa m'ndowa. Pamafunika madzi a m'mipope ofika pakhomo, zimbudzi za mudzi wonse, makola a ziweto, ndi chakudya chokwanira, zonse pamodzi. Zimenezi mayi sangazigule ndi ndalama ya mandasi.

Amene watsata magawo onsewa adzaona zotsatira zake. Msinkhu umene mwana wataya asanakwanitse zaka ziwiri subwerera mosavuta. Amayamba sukulu mochedwa, amabwereza makalasi, akadwala matenda amamugwetsa msanga. Ngati ndi mtsikana, akadzakula ali pangozi yobereka movutikira ndi kubereka mwana wochepa sikelo, amene adzayambire pamene mayi ake anayambira. Lipoti la Cost of Hunger linawerengera kuti mu 2012 Malawi anataya ndalama zokwana K147 biliyoni, magawo 10.3 pa 100 a chuma chonse cha dziko, chifukwa cha kunyentchera kwa ana.

Palibe munthu mmodzi amene angatsirize ndondomekoyi payekha, ndipo palibe mmodzi amene angaithetse payekha. Pamsonkhano wa mudzi ukubwerawu, mlangizi wa zaumoyo abwere ndi kaundula wake, abambo akhalepo, khansala akhalepo. Pawerengedwe ana osakwana zaka ziwiri amene mzere wawo waima, ndipo pa mwana aliyense pafunsidwe mafunso atatu: amakwawa pati, amamwa madzi ochokera kuti, m'phala lake muli chiyani. Yankho lililonse lili ndi mwini wake woti akakonze, ndipo dzina lake lilembedwe tsiku lomwelo.